Funsani za Maso: Kodi pulogalamu ya pafoni ingachedwetse vuto losaona patali mwa mwana?

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo ochuluka akuzungulira pa nkhani imodzi: mapulogalamu a pafoni ndi pa tabuleti omwe akuti amachiza kapena kuchedwetsa vuto losaona patali mwa ana, lomwe kuchipatala amalitcha myopia. Akuyankha ndi gulu lathu la ogwira ntchito za maso.

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9, ali Sitandade 4. Chaka chatha anamulembera magalasi a -1.50 maso onse awiri, koma atamuyezanso mwezi watha akuti wafika pa -2.25. Pa Facebook ndaona pulogalamu ya pafoni yolipira mwezi ndi mwezi. Akuti mwana akamasewera magemu ake olimbitsa maso kwa miyezi itatu, magalasi amawataya. Ndilipire?
*Mayi wodandaula, Chitakale*

Mayi, musalipire. Ndalamayo isungeni, idzakuthandizani pa magalasi atsopano ndi pa ulendo wokayezetsanso mwana.

Vuto la mwana wanu si minofu ya maso yofooka ayi. Ndi kutalika kwa diso. Diso la khanda limakhala mamilimita pafupifupi 17 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo la munthu wamkulu woona bwino limaima pakati pa 23 ndi 24. Mwa ana ena diso limapitirira pamenepo. Zikatero, kuwala kochokera kutali, tinene ku bolodi, kumakumana kusanafike pa kansalu ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina, ndiye mwana amangoona mbuu. Milimita imodzi yokha yowonjezera imabweretsa pakati pa -2.50 ndi -3.00. Diso likatalika silifupikanso, monga phazi la mwana silibwerera mu nsapato ya chaka chatha. Palibe gemu, palibe mankhwala, palibe masewera ozunguza maso amene angalibweze. Chomwe chimatheka ndi kuchedwetsa kutalikako basi.

Mukafuna kumva bwino nambala ya mwana wanu, gawani 100 ndi nambalayo. Pa -2.25 yankho ndi 44, kutanthauza kuti popanda magalasi amaona bwino mpaka masentimita 44 okha. Kupitirira apo zonse zimayamba kusungunuka. Chaka chatha anali kufika masentimita 67.

Tisanamizire kuti nkhani yonse ya mapulogalamu ndi bodza. Alipo amene akatswiri akuwayesa moona mtima, ndipo awiri ndi oyenera kuwadziwa. Woyamba ndi MyopiaX wa kampani ya Dopavision ya ku Berlin, m'dziko la Germany. Foni imalowetsedwa m'chipangizo chovala kumaso, mwana amasewera gemu, ndipo pulogalamuyo imawalitsa kuwala kwa buluu pa kamalo kamodzi kokha, pamene mtsempha wa diso umatulukira kupita ku ubongo. Cholinga chake ndi kuti retina itulutse mankhwala achilengedwe a m'thupi otchedwa dopamine, omwe amauza diso kuti lichepetse kukula. Mwana amachita zimenezi mphindi pafupifupi 10, kawiri pa tsiku. Pa kafukufuku woyamba m'zipatala za ku Ulaya sanapeze choopsa chachikulu, koma m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira maso a ana amene anavala magalasi apadera ochedwetsa vutoli anatalika mochepa poyerekeza ndi a ana a pulogalamuyo. Ana ambiri ankadumphanso masiku, ndipo apa pali phunziro: chithandizo chofuna kuti mwana akhale pansi kawiri tsiku lililonse kwa chaka chathunthu chimavuta kutsatira, pamene magalasi amangovala m'mawa. Wachiwiri ndi SAT-001 wa kampani ya S-Alpha Therapeutics ya ku South Korea, pulogalamu yotsogolera maso a mwana kuyenda ndi kupuma kwa theka la ola pa tsiku. Nayonso yakhala ikuyesedwa m'zipatala.

Taonani kusiyana kwake ndi zomwe mwaona pa Facebook. M'kafukufuku weniweni ana samavula magalasi. Amayang'aniridwa ndi dokotala, diso limayezedwa kutalika kwake ndi makina, ndipo palibe amene amalonjeza kuchiza. Wogulitsa aliyense mufunseni kuti pulogalamu yake inayesedwa pa ana angati, kwa nthawi yaitali bwanji, poyerekeza ndi chiyani, ndiponso ngati anayeza mamilimita a diso. Akayankha ndi maumboni a makolo m'malo mwa nambala, tsekani pomwepo.

Maumboni amenewo ali ndi gwero lake. Mwana akamayang'ana zilembo zomwezomwezo tsiku ndi tsiku amaziloweza. Amaphunziranso kufinya maso ndi kungolota kuti chilembo chambuucho ndi chiti. Kholo limaona ngati maso akuchira, pamene diso likutalikabe, ndipo mwana wawonjezera theka la ola lina loyang'ana foni pafupi ndi mphuno, chomwe ndi chimodzi mwa zinthu zokulitsa vutoli.

Tsono za mwana wanu. Kukwera ndi -0.75 m'chaka chimodzi pa zaka 9 ndi kuthamanga, ndipo kumafuna kuchitapo kanthu, chifukwa maso otere kawirikawiri amapitirira kusintha mpaka mwana atayandikira zaka 20. Nkhawa yathu si magalasi onenepa. Munthu akafika pa -6.00 kapena kuposa, retina imakhala itakokeka ndi kupyapyala, ndipo akamakula amakhala pa chiopsezo chachikulu choti ing'ambike kapena kumatuka, chodwala glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso), ndi chochita ng'ala msanga. Akatswiri anawerengera mu 2019 kuti kupulumutsa 1.00 imodzi yokha ali mwana kumachepetsa ndi 40 peresenti chiopsezo choonongeka pakati pa retina akadzakula.

Mugulireni magalasi a nambala yatsopano yonse, avale tsiku lonse. Azikhala panja maola awiri tsiku lililonse. Muzikamuyezetsa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo pemphani kuti amudonthezere mankhwala opumitsa minofu ya m'kati mwa diso asanamuyeze. Amadonthezera, mumadikira mphindi 30 mpaka 40, ndiye amayeza. Mwana amaona zapafupi mbuu ndi kuthobwa ndi dzuwa mpaka tsiku lotsatira, choncho musasankhe sabata ya mayeso. Popanda mankhwalawa diso la mwana limadzikunga, nambala n'kutuluka yaikulu kuposa yeniyeni. Mapepala onse a nambala muziwasunga m'buku lake la kuchipatala, chifukwa ndi amene amaonetsa liwiro la vutoli. Yambirani kwa a zamaso pa chipatala cha boma ku Mulanje, ndipo ngati pakufunika chithandizo chochedwetsa, pemphani kalata yopitira ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Ndinamva kuti ku America boma linavomereza chithandizo cha maso choti mwana amangoonera makatuni atavala chipangizo kumaso. Nanga bwanji mukuti mapulogalamu sanatsimikizike?
*Bambo wa ana awiri, Luchenza*

Munamva zoona, Bambo, koma ndi za matenda ena. Mu 2021 bungwe la boma loona za mankhwala la FDA ku America linavomereza Luminopia kwa ana a zaka 4 mpaka 7, ndipo mu 2022 linavomereza CureSight. Zonsezi ndi za amblyopia, vuto loti diso limodzi silinaphunzire kuona bwino chifukwa ubongo umadalira linzake. Pulogalamuyo imachepetsa zomwe diso lamphamvu likuona kuti ubongo ukakamizike kugwiritsa ntchito lofookalo. Pamenepo chomwe chikuphunzitsidwa ndi ubongo, ndipo ubongo wa mwana umaphunzitsika. Pa myopia vuto lili pa kukula kwa diso lenilenilo. Otsatsa malonda amakonda kusakaniza ziwirizi kuti chilolezo cha matenda ena chioneke ngati chawo.

Ngati mwana wanu ali ndi diso limodzi lofooka kapena lopotoka, musadikire chipangizo chochokera kunja. Magalasi oyenera ndi kutseka diso lamphamvu kwa maola amene dokotala wanena zimagwira bwino ntchito, makamaka mwana asanakwane zaka 7 kapena 8.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 pa sukulu ina ku Thekerani. Ana athu amaphunzira ndi matabuleti a BEFIT, ndipo pa msonkhano wa makolo ena anati matabuletiwa atiphera ana maso. Ndiwayankhe chiyani? Komanso ndingadziwe bwanji mwana amene sakuona bolodi, poti ana aang'ono sanena?
*Mphunzitsi, Thekerani*

Aphunzitsi, auzeni makolowo kuti nkhawa yawo ili ndi pogwira, koma mlandu si wa tabuleti payokha. Zomwe zimakankha diso kuti litalike ndi zitatu zikaphatikizana: kuyang'ana pafupi kwambiri, kwa nthawi yaitali osapuma, ndi kukhala m'nyumba tsiku lonse. Buku logwiridwa pa mphuno kwa maola atatu limachita chimodzimodzi. Phunziro lalifupi la pa tabuleti kusukulu si chifukwa chochotsera ana mwayi wophunzira kuwerenga. Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi foni ya kunyumba, makatuni ndi TikTok pa kagalasi kakang'ono, mwana atafunda bulangete, mpaka tulo.

M'kalasi onetsetsani kuti tabuleti ili masentimita 30 mpaka 40 kuchokera ku maso. Ana aang'ono sadziwa masentimita, ndiye aphunzitseni kuika nkhonya pa chibwano: pamene pafika chigongono ndi pamene tabuleti kapena buku liyenera kukhala. Akakhala pansi n'kuiika pamiyendo amaweramira, mutu n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukhudza galasi, choncho iyenera kutsamira pa chinthu. Mawindo akhale otsegula. Pakatha mphindi 20 kapena 30 onse adzutse mitu, ayang'ane kutali, ku mitengo kapena ku minda ya tiyi, ndipo belu la buleki likalira pasapezeke wotsala m'kalasi.

Za panjazi si zongoganizira. Ku Guangzhou, m'dziko la China, anawonjezera mphindi 40 zokhala panja pa tsiku m'sukulu zina za pulayimale. Patatha zaka zitatu, ana pafupifupi 30 mwa 100 alionse m'sukulu zimenezo anayamba kusaona patali, pamene m'sukulu zina anali pafupifupi 40. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015. Ku Taiwan boma linayamba mu 2010 kulimbikitsa sukulu kutulutsa ana panja mphindi 120 pa tsiku, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino, chomwe chinali kukwera zaka zambiri, chinayamba kutsika. Chinsinsi ndi kuwala. M'kalasi mumakhala kuwala kwa ma lux 300 mpaka 500 (lux ndi muyeso wa kuwala), kapena kuchepera m'makalasi a mawindo aang'ono, pamene panja masana pamaposa 10,000, ndipo ngakhale pamthunzi wa mango pamaposa m'nyumba kangapo. Kuwala kumeneku n'kumene kumatulutsa dopamine yomwe MyopiaX ikuyesa kutulutsa ndi foni. Kuno tili nako kwaulere, ndipo ndi chifukwa chimodzi chomwe ana osaona patali mu Africa ali pafupifupi 5 mwa 100, pamene m'mizinda ina ya kum'mawa kwa Asia amafika 80 mpaka 90 mwa 100 pomaliza sekondale. Mwayi umenewu ukhoza kutipulumuka: ana a m'tauni akuchoka kusukulu kupita ku makalasi apadera, kuchoka uko kupita pa foni, fulaye ndi phada n'kuiwalika. Phunziro limodzi pa tsiku, monga kuwerenga nthano, lichitireni panja pamthunzi.

Pa funso lanu lachiwiri, foni ndi yothandizadi. Pali pulogalamu yaulere ya pa Android yotchedwa Peek Acuity, yomwe inayesedwa bwino ku Kenya, aphunzitsi n'kumayeza nayo ana m'sukulu. Dulani chingwe cha mamita awiri enieni. Mwana akhale pa mpando m'chipinda chowala bwino koma dzuwa lisamawombe pa foni. Imani kumapeto kwa chingwe, foni ili pa msinkhu wa maso ake, galasi lake litayang'ana kwa iye. Atseke diso limodzi ndi chikhatho, osalidinikiza. Pa foni pamabwera chilembo cha E chotembenuzika, mwana amaloza kumene miyendo yake yayang'ana, inu n'kukhwekhwereza chala pa foni kulowera komweko. Inuyo musayang'ane chilembocho, kuti nkhope yanu isamuuze yankho. Akati sakuona, gwedezani foni. Ikatha, chitaninso diso linalo. Zimene zimasokoneza ndi izi: kuyerekeza mtunda ndi mapazi m'malo mwa chingwe, mwana kusuzumira pakati pa zala, galasi la foni losweka kapena lamafuta, ndi anzake oima pambali akunong'oneza. Mwana wopeza 6/12 (kuona pa mamita 6 zomwe woona bwino amaona pa mamita 12) kapena kuchepera pa diso lililonse, kapena amene maso ake awiri asiyana kwambiri, mulembereni kalata kwa makolo kuti apite naye kuchipatala. Kwa ana a zaka 8 kupita m'tsogolo palinso WHOeyes, yomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2023. Mapulogalamuwa amangoloza mwana wofunika kuyezedwa. Salemba nambala ya magalasi.

Musanagwire n'komwe foni, yang'anani mwana amene amafinya maso poona bolodi, amene amakopera m'kope la mnzake m'malo mokopera pa bolodi, ndi amene amadzuka n'kuyandikira kutsogolo nthawi ndi nthawi. Ambiri otere amatchedwa aulesi kapena ogona, chonsecho sakuona.

Mdzukulu wanga anapatsidwa mandala, koma ine ndimamuuza kuti azivala pokhapokha ali m'kalasi, kuopa kuti maso angazolowere n'kufooka. Mandala ake akasweka, kodi sindingamugulire a pamsika otsika mtengo?
*Agogo, Limbuli*

Agogo, mulekeni mdzukulu wanu avale kuyambira m'mawa mpaka pogona. Mandala safooketsa maso. Nambala imakwera chifukwa mwana akukula, avale kapena asavale. Akavula amaona ngati zinthu zaipa kuposa kale chifukwa tsopano walawa kuona bwino. Ngakhale madokotala ena kale ankaganiza ngati inu, n'kumapereka mandala ochepa mphamvu mwadala. Ku Malaysia anayesa zimenezi, ndipo zotsatira za mu 2002 zinaonetsa kuti ana amene anachepetseredwa mphamvu maso awo anaipa msanga kuposa amene anapatsidwa nambala yonse.

Mandala a pamsika ndi owerengera a ife akuluakulu, olembedwa + kutsogolo kwa nambala. Mwana wosaona patali amafuna a -. Mukamuveka a + mwamuonjezera mbuu. Olembedwa kuti amateteza ku kuwala kwa buluu kwa foni nawonso sachedwetsa vutoli. Akasweka, tengani pepala la nambala yake mupite nalo kumene anamuyeza. Ndipo chonde, m'diso mwa mwana musadonthezemo madzi a masamba, a shuga kapena mkaka wa m'mawere. Ana ambiri m'dziko muno ataya maso chifukwa cha zodonthezera za kumudzi.

Mchimwene wanga ali ku Johannesburg ndipo akufuna kuthandiza mwana wanga wa zaka 8 amene ali pa -3.00. Wapeza zinthu ziwiri pa intaneti: kamakina kowalitsa kuwala kofiira m'maso kolumikizidwa ndi pulogalamu ya pafoni, ndi magalasi apadera. Atumize chiti?
*Bambo, Makwasa*

Magalasi, Bambo, koma mwa ndondomeko. Kamakina asakatumize.

Kuwala kofiira si nthano. Kunayesedwa ku China, mwana n'kumayang'ana m'kamakina mphindi zitatu, kawiri pa tsiku, patadutsa maola anayi pakati, masiku asanu pa sabata, ndipo kunachedwetsa kwambiri kutalika kwa diso. Pulogalamu yake ntchito yake ndi kutsegula kamakinako ndi kuwerenga ngati mwana wagwiritsa ntchito. Vuto n'lakuti makina ambiri otere ndi laser yolunjika pakati penipeni pa retina. Mu 2023 madokotala analemba za mtsikana wa zaka 12 amene retina yake inavulala atagwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo, ndipo kuyambira mu 2024 dziko la China linaika makinawa m'gulu la zipangizo zofuna chilolezo chokhwima kwambiri. Ana akasiya, diso limayambanso kutalika mothamanga. Chithandizo chotere chimafuna kuti retina izijambulidwa ndi makina apadera nthawi ndi nthawi, ndipo kamakina kogula pa intaneti palibe amene wayeza mphamvu yake. Musayerekezenso kugwiritsa ntchito tochi yofiira kapena ka laser koseweretsa ana kaja. Kamaotcha retina m'masekondi ochepa, ndipo bala lake likhoza kukhala losapola.

Magalasi apadera ndi amene ali ndi umboni wolimba popanda kukhudza diso. Odziwika ndi MiYOSMART a kampani ya Hoya, opangidwa mogwirizana ndi Hong Kong Polytechnic University, ndi Stellest a kampani ya Essilor. Pakati pa galasi pali kamalo ka mamilimita pafupifupi 9 komwe kali ndi nambala ya mwana, ndipo mozungulira muli timadontho tambirimbiri ta mphamvu ina, tomwe timatumiza chizindikiro ku diso kuti lisathamange kukula. Pa kafukufuku wa zaka ziwiri ku Hong Kong, nambala ya ana ovala MiYOSMART inakwera theka chabe la mmene inakwerera ya ana ovala magalasi wamba. Sachiza, ndipo si ana onse amene amapindula mofanana.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi apa: kutumiza nambala pa WhatsApp basi, magalasi n'kubwera pa basi. Kamalo kapakati kaja kayenera kugwera ndendende pa mwana wa diso. Choncho woyeza ayambe wasankha felemu yomukwana mwana, yosatsetsereka pa mphuno, amuveke, ayeze mtunda wa mwana wa diso lililonse kuchokera pakati pa mphuno ndi msinkhu wake m'felemuyo. Felemu ndi miyeso yonse zipite limodzi. Akabwera, mwana avale maola osachepera 12 pa tsiku, chifukwa ovala mwa apo ndi apo amapindula pang'ono. Masiku oyamba amaona zachilendo m'mbali, aphunzire kutembenuza mutu m'malo moponya maso, ndipo sabata yoyamba asakwere njinga pamsewu. Felemu ikapindika muikonzetse msanga. Mukambiranenso ndi achimwene anuwo za mawa, chifukwa magalasiwa ndi okwera mtengo kangapo kuposa wamba ndipo amafuna kusinthidwa nambala ikasuntha. Mwana wa zaka 8 adzawafuna kwa zaka zambiri, si mphatso ya kamodzi.

Magalasi omata pa diso ochedwetsa vutoli aliponso, monga MiSight omwe FDA inavomereza mu 2019 kwa ana a zaka 8 mpaka 12. Kwa banja lotunga madzi pa mjigo kapena pa mtsinje sitingawalimbikitse, chifukwa kachilombo kolowa ndi chala chosasamba bwino kamatha kuboola diso m'masiku ochepa.

Ndawerenga kuti atropine amachedwetsa vutoli. Ndili ndi kabotolo ka atropine kamene kanatsala pamene amuna anga ankadwala diso. Ndingasungunule ndi madzi owiritsa n'kumadonthezera mwana?
*Mayi, Bvumbwe*

Ayi, Mayi, kabotolo kameneko katayeni kutali ndi ana. Atropine wa m'zipatala zathu ndi wa 1 peresenti. Wochedwetsa myopia ndi wa 0.01 mpaka 0.05 peresenti, kutanthauza wochepa mphamvu maulendo 20 mpaka 100, wokonzedwa m'malo opanda tizilombo, dontho limodzi diso lililonse pogona, kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Kafukufuku wa LAMP ku Hong Kong anapeza mu 2019 kuti wa 0.05 ndi amene amagwira bwino mwa atatu omwe anayesa. Wosungunula kunyumba simungadziwe mphamvu yake, ndipo madzi amalowetsa tizilombo. Wa 1 peresenti amakulitsa mwana wa diso kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mwana osatha kuwerenga, ndipo akachuluka m'thupi amatentha thupi, kufiira nkhope, kuuma m'kamwa, mtima kuthamanga ndi kubwebweta. Akasiyidwa mwadzidzidzi nambala imalumpha. Ndi mankhwala oyamba ndi kusiya pouzidwa ndi dokotala wa maso.

Mukuti maola awiri panja. Kuno nthawi ya chiperoni timatha masiku osaona dzuwa. Komanso mwana wanga ndi wachialubino, kuchipatala anatiletsa kumuyendetsa padzuwa, ndipo amawerenga buku litagunda mphuno. Nditani?
*Mayi, Likhubula*

Kwa ana ena onse, chiperoni si chifukwa chokhalira m'nyumba. Chofunika ndi kuwala kwa masana, osati kutentha kwa dzuwa, ndipo ngakhale phiri litafunda mitambo, pakhonde pamawala kuposa m'chipinda. Avale juzi, akhale pakhonde. Maola awiriwo safunika kukhala ondondozana: ulendo wa kusukulu, buleki, kotunga madzi ndi mpira wa madzulo zonse zimawerengedwa.

Mwana wanu, Mayi, malangizo ake ndi ena, ndipo a kuchipatala aja ndi amene ali patsogolo. Khungu lake litetezedwe: chipewa cha mlomo waukulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa, magalasi akuda, ndipo azisewera pamthunzi m'mawa kapena madzulo. Mwa ana achialubino pakati pa retina sipakhwima mokwanira ndipo maso amagwedezeka, choncho magalasi amathandiza koma safikitsa pa 6/6, mulingo wa munthu woona bwino. Akhale nawo ndithu, chifukwa ambiri amafuna nambala yaikulu. Kuyandikitsa buku ndi njira yake yokulitsira zilembo, musamuletse kapena kumukalipira. Kwa iyeyu foni ndi tabuleti ndi zida zenizeni: kukulitsa zilembo, kusintha kuti zikhale zoyera pa chakuda, kapena kujambula bolodi n'kukulitsa chithunzicho ndi zala. Kambiranani ndi aphunzitsi kuti akhale kutsogolo, kumbali yosaomba dzuwa, ndipo musachedwe kumupemphera mapepala a mayeso a zilembo zazikulu.

Mwana wanga wa zaka 14 wasinthidwa magalasi katatu m'zaka ziwiri koma akuti sakuonabe bwino. Maso ake amayabwa, ndi ofiirira, amangowatikita. Foni ndamulanda koma palibe kusintha.
*Bambo, Goliati*

Bambo, apa foni si mutu wa nkhani, ndipo mwina si myopia wamba. Maso oyabwa, otikitidwa zaka ndi zaka, nambala yosinthasintha, makamaka ya pa CYL (gawo la pepala la nambala loonetsa kupindika kosalingana kwa diso), ndi magalasi atsopano osafikitsa mwana pa mzere wabwino, zonsezi zimaloza ku keratoconus. Apa galasi la kutsogolo kwa diso limapyapyala n'kusongoka. Atropine, magalasi apadera aja ndi mapulogalamu sizigwira pa vutoli, ndipo kutikita kumalikulitsa.

Pitani naye kwa dokotala wa maso mwezi uno, mutatenga mapepala onse atatu a nambala, ndipo munene mawu akuti keratoconus kuti ayang'ane galasi la diso. Kuyabwako kuli ndi mankhwala ake odonthezera. Pakadali pano, akamva kuyabwa aike kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira pa zikope atatsinzina. Musamugulire mankhwala oyeretsa maso popanda kalata ya dokotala. Ambiri ali ndi dexamethasone kapena betamethasone, amaziziritsa maso tsiku lomwelo, koma akagwiritsidwa ntchito miyezi amakweza mphamvu ya madzi a m'diso ndi kubweretsa ng'ala. Ngati wakhala akudonthezera otere, tengani kabotolo kake mukaonetse, ndipo pemphani kuti amuyeze mphamvu ya m'diso tsiku lomwelo.